Khonde la Che Atumani

Kuno ku Mangochi, nyumba ikakhala ndi khonde loyang'ana kumsewu, dziwani kuti telala ali m'njira. Sachita kuitanidwa. Amabwera yekha, n'kupereka moni kwa eni nyumba, n'kukamba za kutentha ndi za kusowa kwa usipa, kenako n'kutchula chimene wadzera. Mukangomulola, basi mwapeza m'bale. Batani likathothoka amakusokerani osatchula mtengo, khonde amasesa yekha, njinga za alendo amaziyang'anira, ndipo madzulo makina ake amagona m'kati mwanu, kuseri kwa chitseko. Palibe chosainirana.

Wathu anali Che Atumani. Ine ndine Keti, ndimalandira alendo pa kampani ina yogulitsa mainjini a maboti, makoka ndi nyali za asodzi. Tsiku limene ndinayamba ntchito, amene anandilandira ndi iwo, osati abwana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, magalasi awo omangidwa ndi ulusi ali pansonga ya mphuno.

"Mwanangu, siketi imeneyo anasoka ndani?" anandifunsa. "Munali mutayambana naye?"

Ndinakwiya mpaka masana. Pofika madzulo siketi ija inali m'manja mwawo, ine nditavala chitenje chobwereka.

Che Atumani anabadwira ku Katuli, ndipo kusoka anaphunzira kwa atsibweni awo. Ali mnyamata anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri akuno. Anzawo anabwerako ndi mawailesi ndi majekete achikopa, koma iwo anabwera ndi mutu wa makina, wakuda bii, ataukulunga m'bulangete, ndipo amati anaufungata ulendo wonse osausiya ngakhale pa chipata cha malire. Akazi awo, a Mwanamvua, amakonda kunena kuti m'banja mwawo mkazi wamkulu ndi makinawo, iwo ndi wamng'ono, ndipo analolera kalekale. Nyumba yawo ili kutsidya kwa mlatho, kuseri kwa minda ya anthu, kumene kumadutsa mbuzi zokha. Telala sangadye kumeneko.

Anali munthu wamfupi, mzuli woyera kumutu, tepi pakhosi. Tepiyo ankapita nayo ngakhale ku mzikiti. Kunama sankadziwa, kupatula pa mawu amodzi okha, akuti "mawa." Mukapereka nsalu, mawa. Mukabwera mawalo, mawa. Mukakwiya, ankakupatsani mpando n'kukufunsani za odwala akwanu mmodzimmodzi, ndipo munkachoka mukupepesa ndinu. Koma chovala chikatuluka m'manja mwawo chinkakhala pathupi ngati munabadwa nacho.

Pakhonde lathulo iwo ndiwo anali ofesi yeniyeni. Msodzi akachokera ku Nkopola kudzadandaula za injini, ankayamba wakhala kwa Che Atumani. Iwo ankamuuza ngati abwana adzuka bwino kapena ayi, ndipo pofika kwa ine mkwiyo unkakhala utaphwa. Antchito tonse ankatidziwa m'chiuno. Abwana athu, a Howard, akangonenepa pang'ono, Che Atumani ankawauza pamaso pa aliyense kuti nsalu yofutukula pa thalauza yatha, chotsala n'kuchepetsa chambo.

Kampaniyi inali itasamukapo kale kamodzi, ine ndisanabwere. Inayambira m'kachipinda ka kumsika, ndipo Che Atumani anali pakhonde pomwepo. Mwini wake woyamba, malemu a Ndaona, atapeza nyumba yaikulu kufupi ndi nsanja ya wotchi, anakweza makinawo pa galimoto, pamwamba pa sefa ya ndalama, n'kunena kuti, "Che Atumani, kumene ife tikupita ndi komwe inu mukupita." Mawu amenewa Che Atumani ankawabwereza ngati kuti anawauza dzulo. Koma a Ndaona anatisiya, ndipo ana awo amayendetsa kampaniyi ali ku Blantyre, kudzera pa foni.

Zaka zapitazi tauni yathu yayamba kudzitukumula. M'mbali mwa msewu waukulu, pamene panali milambe ndi mabwalo a mpira wa ana, pamera nyumba zosanja. Mabanki, amafoni, mabungwe, aliyense akufuna yake ipose ya mnzake, ndipo zonse n'zamagalasi obiriwira. Atonde a m'derali sakugona, akungogundana ndi zithunzi zawo. Eni kampani yathu nawonso anati sitingamakhale m'nyumba ya malata adzimbiri anzathu akukwera masitepe. Anagula malo pamzere womwewo, ndipo nyumba yakale anaigulitsa kwa munthu wina amene ankafuna kuigwetsa kuti amangepo malo omwetsera mafuta. Khonde la Che Atumani linali m'gulu la zogwetsedwazo.

Iwo sanatekeseke. Malo atsopanowo anali otchingidwa ndi malata kuzungulira, moti za pansi sizinkaoneka, koma kutsogolo kunali chikwangwani chachikulu chojambulidwa nyumbayo mmene idzaonekere ikatha. Tsiku lina atachoka ku mzikiti, ku swala ya Ijumaa, anakaima pansi pa chikwangwanicho nthawi yaitali. Anabwerako akumwetulira.

"Ndaliona khonde langa, mwanangu," anandiuza. "Lili chakumanzere, pamthunzi. Ine ndiliponso, ndakhala pansi. Andijambula bwino, kungoti andivula mzuli."

Ndinapita kukadzionera. Zoonadi, chakumanzere kwa nyumbayo kunali mzere wakuda ngati mthunzi wa denga, ndipo pamthunzipo panali kamunthu kokhala pansi, kowerama pang'ono. Nanenso ndinakhulupirira. Abwana Howard atamva, anati, "Ngati achita kujambula ndiye kuti zilipo," n'kulowa mu ofesi mwawo. Palibe anaimba foni ku Blantyre kukafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tonse tinadya limodzi.

Che Atumani anayamba kukonzekera ngati mkwati. Tebulo la makina analipaka vanishi. Anadzisokera mkanjo watsopano, chinthu chimene a Mwanamvua amati sichinachitikepo chikwatiranireni. Aliyense wobwera ankamuuza kuti, "Tikusamuka, mudzatipeza ku magalasi." Tsono nthawi yake inali ya Ramadhani, pamene telala aliyense wa m'tauni muno amasoka mpaka msana kuuma. Nsalu za Idi zinali zitadzaza matumba: madiresi a ana, mikanjo ya azibambo, zovala zofanana za amayi a banja limodzi. Zonsezo anali atalonjeza kuti zikatengedwa kumalo atsopano.

Tsiku losamuka kunabwera lole ndi anyamata ochokera ku Blantyre, atanyamula timapepala tomata tokhala ndi nambala. Anyamatawo anali atauzidwa kuti chilichonse chopezeka m'kati mwa ofesi n'cha kampani. Iwo anamata pa madesiki, pa makabati, pa ketulo, ngakhale pa ndowa yokolopera. Makina a Che Atumani anali atagona kuseri kwa chitseko monga mwa masiku onse, ndipo nawonso analandira kapepala kake pamphumi. Eni ake anaona zimenezi n'kusangalala. Anati tsopano makinawo alembedwa ntchito.

Che Atumani anakwera kumbuyo kwa lole, n'kukhala pa mpando wozungulira wa abwana, mkanjo watsopano uli mbee. Tikudutsa pamsika anali akubayibitsa anthu ngati phungu amene wangopambana. A kabaza ankaimba mabelu, amayi ogulitsa nsomba n'kumalulutira. Ine ndinali kutsogolo ndi dalaivala, ndikuseka mpaka misozi.

Titafika tinapeza malata aja atachotsedwa. Nyumbayo inali yokongola, zimenezo sindingakane. Magalasi anayambira kumwamba mpaka kugunda pansi penipeni, osasiya ngakhale poti nkhuku n'kubisala dzuwa. Kutsogolo kunali simenti yokhayokha, ndi timitengo tiwiri tongobzalidwa kumene, tomangiriridwa ku ndodo. Che Atumani anatsika mwakachetechete n'kupita chakumanzere. Kunali khoma. Anazungulira nyumba yonse, n'kubwerezanso, manja ali kumbuyo. Atabwerera anati mwina khondelo adzalumikiza pambuyo pake, ngati mmene amachitira ndi manja a malaya.

Pamene iwo ankazungulira, anyamata a lole aja anali atakweza kale makinawo mpaka pamwamba penipeni, m'chipinda chochitira misonkhano. Che Atumani anapempha anthu awiri kuti awathandize kuwatsitsa. Pakhomo anakumana ndi Mustapha, mlonda wathu watsopano, mnyamata wakutsidya komweko, atavala yunifolomu yomukulira m'mapewa.

"Pepani ababa, katundu wa kapepala satuluka," anatero Mustapha. "Mpaka chilolezo chichokere ku Blantyre."

"Iwe Mustapha, kabudula wako woyamba wa sukulu anasoka ndani?"

"Ndinu, ababa."

"Pa makina ati?"

"Omwewa, ababa. Koma nthawi imeneyo analibe kapepala."

Nkhani inafika kwa abwana Howard. Iwo ndi munthu wabwino mtima, koma foni ya ku Blantyre amaiopa ngati ng'ona. Anaimba ataimirira. Anawayankha kuti amene amaona za katundu wapita ku maliro, adikire. Anabwerako akupukuta thukuta, ngakhale kuti m'nyumbamo munkazizira.

"Che Atumani, bwanji muzisokera momwemo kaye?" anatero. "Koma mwakachetechete."

Makina opalasa ndi phazi sadziwa kachetechete. Kutacha, nyumba yonse yatsopano inali kunjenjemera ndi phokoso lake, ndipo owerengera ndalama amene anali pansi pa chipindacho anayamba kutayipa motsatira kugunda kwake. Makasitomala nawo anamva kuti telala wawo ali kumwamba. Amayi ankafika pakhomo la magalasi lija, n'kuvula masilipasi, n'kuwandanda bwinobwino pansi pa masitepe. Ana ankakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Agogo ena anafika pakati pa masitepe n'kukhala pansi, n'kunena kuti telalayo atsike adzawayezere pomwepo, iwo sanabwere kudzakwera phiri. Ine pa tebulo langa latsopano ndinasiya kufunsa kuti tikuthandizeni chiyani. Ndinkangoloza kumwamba.

Che Atumani anali pa mtendere. Eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, inkawazizira, choncho ankasoka atavala jekete ndi mpango m'khosi, m'Mangochi muno, dzuwa likuswa mtengo panja. Anati kusala kudya sikunayambe kwaphwekapo chonchi, ludzu osalimva n'komwe. Chimene chinawatenga mtima kwambiri ndi tebulo la misonkhano, lalitali, losalala, lopanda msomali ngakhale umodzi. Ankayalapo nsalu yathunthu n'kudula osaipinda.

"Tebulo ili mukuliwononga ndi misonkhano," anauza abwana. "Analipangira kudulirapo."

Pa zenera ankaona mtsinje wa Shire, mlatho, migwalangwa mpaka mapiri a ku Namwera. Ankaitana makasitomala kuti abwere adzaone madenga a nyumba zawo. Tsiku lina ndinawapeza ataima pazenerapo, sizasi ili m'manja, akuyang'ana cha ku nsanja ya wotchi. Anthu anali pamwamba pa ofesi yathu yakale akuchotsa malata. Anangoti mwina makonde amakono amakhala m'mwamba, ndipo munthu ayenera kuyenda ndi nthawi. Ndinaona kuti ayamba kukhulupirira kuti chipindacho n'chawo, ndipo mantha anandigwira.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba foni. Kutatsala pang'ono kuti mwezi wotsekera Ramadhani uoneke, uthenga unafika woti eni kampani ali m'njira, adutsa kale pa Liwonde, akubwera kudzaona nyumba yawo. Abwana Howard anathamanga masitepe onse osapuma. Masilipasi tinawasonkhanitsa m'katoni, eni ake n'kuwatulutsira khomo lakumbuyo. Matumba a nsalu tinawakankhira m'chimbudzi. Makina okha ndiwo anasowa kopita. Tinawafunditsa nsalu ya kampani ija timayala pa zionetsero, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Che Atumani anakana kubisala. Anavula jekete, n'kuima pambali pa maluwawo ndi mkanjo wawo, ngati mlendo wolemekezeka.

Alendowo analowa, ana a malemu a Ndaona awiri ndi mtsikana wina wovala mpango kumutu, atanyamula mapepala okulunga. Ameneyo anali Yasmin, katswiri amene anajambula pulani ya nyumbayo, mwana wakonkuno amene anakaphunzira ku Blantyre. Ana a malemuwo anayamikira matailosi, anayamikira mawindo. Kenako wamkulu wa anawo anawerama kuti atole ulusi wofiira umene unamata ku nsapato yake. Anautsatira ndi maso mpaka pansi pa nsalu ija, pamene chopondera cha makina chinkasuzumira.

Chilolezo chimene chinakanika masiku onse aja chinatuluka pomwepo, pakamwa, m'mawu ochepa kwambiri. Wamkuluyo sanakalipe. Anangoti katundu amene si wa kampani atuluke lero, ndipo anamatula kapepala kaja ndi chikhadabo chake. Che Atumani anamupatsa moni, n'kumukumbutsa kuti suti yake ya ukwati inadutsa pa makina omwewo. Iye anamwetulira, n'kunena kuti akukumbuka, n'kuyang'ana wotchi.

Makina akutsitsidwa, Che Atumani anakumana ndi Yasmin pa masitepe. Ine ndinali pambuyo pawo nditanyamula thumba la nsalu. Mtsikanayo anapinda mawondo mwaulemu.

"Salamu aleikumu, ababa. Ali uli?"

"Waleikumu salamu. Ndili chenene, mwanangu. Akuti nyumbayi munajambula ndinu?"

"Ndine, ababa."

"Mwadula bwino. Mizere yake ndi yowongoka, ine ndimaona zimenezo. Koma khonde mwaliika kuti?"

Yasmin anayang'ana kumbuyo kuti aone ngati mabwana aja ali pafupi.

"Pa pulani yoyamba linalipo, ababa. Lalitali, kuyambira pakona apo mpaka uko. Ndinalikonda. Eni ake anati ndilichotse."

"Simenti inachepa?"

"Ayi. Anati khonde limasonkhanitsa anthu."

"Anthu ake ati?"

Mtsikanayo anawayang'ana. Maso ake anali pa tepi ya pakhosi pawo, kenako anawerama. Che Atumani anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Nanga munthu uja wakhala pamthunzi pa chikwangwani?"

"Ameneyo amabwera ndi kompyuta, ababa. Timangomuikapo kuti anthu aone kutalika kwa nyumba. Mthunziwo ndi wa khoma, dzuwa likamatuluka."

Che Atumani anaseka mpaka kugwira chitsulo cha masitepe. Yasmin sanaseke nawo. Anapepesa kawiri konse, ndipo iwo anamuuza kuti asadandaule, telala nayenso amadula mmene mwini nsalu wanenera.

Makina anawaika panja, pa simenti, dzuwa lili paliwombo. Asanaganize n'komwe chochita, anatulukira mayi wina atagwira kamtsikana pa dzanja. Diresi la mwanayo linali lisanapindidwe m'munsi, ndipo iwo ankabwerera kumudzi ndi minibasi ya masana. Che Atumani anatsegula pakamwa, ndipo ndinadikira kumva "mawa." Sanatero. Anafufuza diresilo m'thumba, n'kukoka mpando wawo, n'kukhala pansi pomwepo, kutsogolo kwa khomo la kampani.

Mustapha anabwera akuthamanga.

"Ababa, pano saloleza. Chonde, mundichotsetsa ntchito."

"Msoko sausiyira panjira, mwanangu."

Mustapha anasowa chochita. Analowa m'kanyumba kake n'kutulukamo ndi ambulera, n'kuitambasula pamwamba pa mzuli wawo. Anaima choncho, dzanja lili m'mwamba, pakamwa akubwereza kuti pano saloleza, pano saloleza, mpaka diresi linatha. Mwanayo analiyesa pomwepo n'kuzungulira, akudziyang'ana pa magalasi a nyumbayo.

Kenako Che Atumani anamasula lamba wa makina, n'kuchotsa mutu, n'kuitana a kabaza awiri. A kabaza akuno amanyamula ngakhale bedi, choncho sanafunse zambiri. Wina anamangirira tebulo ndi miyendo yake, winayo anatenga mutu ndi thumba limodzi. Ine ndinali nditabwerera pa tebulo langa, kuseri kwa chitseko cha galasi. Ndinachitsegula pang'ono kuti ndimve, kutentha n'kundiwomba kumaso. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinalibe choti ndingawapatse.

"Tikulowera kuti, akulu?" anafunsa wa kabaza wakutsogolo, phazi lili kale pa pedulo.

Che Atumani anayang'ana kumtunda kwa msewu, kumene nyumba zamagalasi zandandana. Anayang'ana kumunsi, kumene fumbi la ofesi yakale linkakwera. Munthu amene sanasowepo yankho chimudziwireni anaima duu, akupinda tepi yawo ndi kuitambasula.

"Palasani," anatero pomaliza. "Ndikuuzani kutsogolo."

Ananyamula thumba lotsala la zovala za Idi n'kuliika paphewa, n'kuyamba kutsatira njingazo wapansi.